Mmene Kombe Anatulukira Kumanda

Kale, Chilomoni asanadzaze nyumba mpaka m'khosi mwa phiri monga mukuoneramu, munthu ukachoka pamsika kulunjika ku Michiru unkangoyenda pang'ono basi n'kupezeka uli m'tchire, tchire lenileni, loti dzuwa lili paliwombo iwe n'kumamva kuzizira m'miyendo. Sendezani mipandoyo kuno kumthunzi, ndipo iwe wa foniwe taiika kaye m'thumba, chifukwa zimene ndikufuna kukuuzanizi mulibe m'menemo. M'tchiremo munali masuku, mombo, muwanga, ndipo pamwamba pa mitengoyo panali dziko linanso, dziko la ziyangoyango, zina zonenepa ngati ntchafu yanga, zina zowonda ngati luzi, zonse zikupikisana kukafika kudzuwa. Lero mukayang'ana kumeneko mumaona miyala ndi utsi wa makala, koma ife tinkaona denga lobiriwira.

Mwa ziyangoyango zonsezo, mfumu yake kwa ine anali kombe. Mwina dzinali simunalimvepo, ndipo sindikudabwa, pakuti kwawo kwenikweni ndi kotentha, kumunsi kwa Shire uko. Kuno anabwera ndi agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, pamene ankachoka ku Chikwawa kudzafuna ntchito m'tauni. Anzawo ankanyamula mphasa ndi mipini, iwo anawonjezerapo timbewu ta kombe m'kansalu, n'kudzatikwirira patsinde pa muwanga kumapeto kwa munda wawo, chifukwa ankati munthu sungakhale pamalo popanda chomera chokudziwa.

Tsono tamverani mmene alili, chifukwa chomera chimenechi n'chodabwitsa! Kombe si mtengo, komanso si udzu. Akamera poyera, popanda chogwira, amangokhala chitsamba, nthambi zili balala ngati munthu wosowa chochita, koma angopeza mtengo pafupi, eee, khalidwe limasinthiratu. Alibe timanja topotana ngati ta dzungu tija, iye amadzikulunga thupi lonse, kuzungulira, kuzungulira, mpaka kukatulukira kunsonga. Masamba ake amakhala awiriawiri moyang'anizana, okhakhala, aubweya ngati lilime la ng'ombe, ndipo chilimwe chikafika amayoyoka, n'kutsala chingwe chokhachokha choti ungati chinauma kalekale. Koma dikirani dzuwa lifike poipa, nthawi ija nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, udzu wonse utapsa, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Pamenepo ndiye amatulutsa maluwa. Ana inu, maluwa ake! Oyera ngati mkaka, kenako amapita kuchikasu, m'kati muli timadontho tofiira ngati wina wawazamo magazi, ndipo kunsonga iliyonse ya duwalo kumalendewera mchira wautali kuposa chikhatho changachi, wowonda ngati ulusi, wopotoka, woti kamphepo kakangodutsa michira yonse imavina. Fungo lake ndi lozizira, lotsekemera pang'ono, ndipo ukalimva kamodzi mphuno siiiwala.

Koma musanyengeke ndi kukongolako. Mbewu za kombe ndi zimene alenje akale ankapangira ulembe wopaka kumivi, ndipo nyama ikalasidwa sinkapita patali. Agogo anali munthu wanthabwala, koma pa nkhani iyi yokha nkhope inkasintha. Kuyang'ana yang'anani, kununkhiza nunkhizani, koma pakamwa ayi, ndipo mukamukhudza kasambeni m'manja.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, miyendo inandikanika kuikhazika pamalo amodzi. Ndinayamba ndi Mwanza, kenako Tete, Beira, Kitwe, mpaka ku Joni, uku ndikuwotcherera zitsulo, uku ndikuphika, uku ndili pamwamba pa katundu wa lole. Sukulu yanga inali kufunsa. Paliponse pamene ndafika ndinkafunsa mayina a mitengo, ndipo anzanga ankandiseka kuti ena akufunsa kumene kuli ganyu, iwe ukufunsa dzina la tsamba. Nthawi zonse ndikabwera kudzaona abale ndinkapeza tchire labwerera m'mbuyo, nyumba zakwera, munda wa agogo anaugawana kalekale, ndipo mumtima ndinali nditavomereza kuti kombe wathu anapsa pamoto wa munthu wina.

Ndiye chaka china posachedwapa achemwali anga a Esnati, amene mwakhala pakhonde pawo pano, anandiimbira foni. Anati, "Ganizani, tikumanga chiliza cha mayi. Ubwere. Usanditumizire moni, ubwere ndi miyendo yako yomwe imakuyendetsayo."

Ndinabwera, ndipo inali nthawi yotentha ija ndanena. Tinalowa kumanda m'mawa ndi amisiri, matumba a simenti pamapewa, akutitsogolera mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja. Mkuluyo anali Makwinja, mnzanga amene tinkasaka naye mbewa tili ana. Manda aja anali atakula, atadya malo mpaka kumtunda kumene kale kunali minda. Tili m'kati mosakaniza simenti, mphuno yanga inagwira kanthu. Ndinaimika fosholo. Ndinanunkhizanso. Ndinatukula maso, ndipo taonani: muwanga wokalamba, wopendekeka, theka lake louma, ndipo kuyambira patsinde mpaka kunsonga, kombe, ali mbuu ndi maluwa, michira ikuvina! Unali muwanga womwe uja wa kumapeto kwa munda wa agogo. Nkhwangwa zonse za m'Chilomoni zinaulambalala chifukwa manda anaupeza n'kuuzungulira.

Ndinafuula, kumanda komweko, ndikukuuzani! Amisiri anaponya zipangizo poganiza kuti ndaona njoka.

"Aise Makwinja, ukumuona uyo? Ukumudziwa?"

Makwinja anayang'ana m'mwamba mosasamala. "Chingwecho? Uchionereretu. Loweruka likubwerali tikugwetsa mtengowo."

"Ukugwetsa chiyani?"

"Chiswe chaumaliza m'kati. Taona mmene wapendekera. Mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo yake ugwera pa ziliza za anthu, china mwa izo ndi chimene ukumangachi. Eni ake adzandidya wamoyo."

Ndinayang'ana, ndipo sankanama. Koma ndinaonanso chinthu china. Pakati pa maluwa pankalendewera zipatso za chaka chatha, pakuti kombe amatenga pafupifupi chaka chathunthu kuti akhwimitse mbewu. Ndi makoko awiri aatali ngati mkono wa mwana, otuluka paphata limodzi, lina kuloza uku lina uko, ngati nyanga za ng'ombe. Anali atauma, atada, koma asanang'ambike.

"Chabwino, gwetsa," ndinatero. "Koma ndilole ndikwere ndithyole nyanga ziwiri zokha, ndikafese kwina."

Makwinja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Wakhalitsa ku Joni eti? Kuno kumalowa zinthu, sikutuluka kanthu. Nkhuni ayi, bowa ayi. Mango awo akuwolera pansi, ana a sukulu amadutsa apa ndi njala koma satola. Khasu lenilenili timayamba talitsuka tisanalowe nalo m'mudzi. Ndiye iwe utuluke ndi nyanga kukhwapa, anthu akuona, mawa mwana wa neba akadwala mutu adzati chiyani?"

"Koma ndi wa agogo anga!"

"Onse ali munowa ndi agogo a winawake, amwene."

Inu a masiku ano mwina mukuti bwanji sanangobwerera mozemba n'kukathyola. Ayi. Ine ndayenda, ndadya zachilendo, ndagona m'masiteshoni, koma ndine wa konkuno, ndipo dzanja langa lomwe likanakana. Komanso ndikanapita nazo kuti? Nditawafotokozera achemwali madzulo ake anayamba ndi kuwomba m'manja.

"Zakumanda pakhomo panga? Iwe Ganizani, unabwera kudzamanga chiliza kapena kudzandipasulira nyumba? Ine ndine wa mvano, sindiopa mizimu, koma zimenezo ayi."

Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, osandiyang'ana. Patapita nthawi ndinamva akuseka okha pansipansi.

"Mukuseka chiyani, achemwali?"

"Ndakumbuka mmene unagwera m'dzenje la zinyalala ukuthamangitsa nthenga zija."

"Nthenga ziti?"

"Aa, iwe ndi amene umati umadziwa mitengo? Nyanga zija zikapsa sizigwa pansi ngati mango. Zimang'ambika zili m'mwamba momwemo, ndipo mbewu iliyonse imatuluka ndi kaphesi kake, kunsonga kuli nthenga zoyera ngati thonje. Zinkauluka mpaka kumsewu, ife tikuzithamangira, agogo akukalipa m'mbuyo."

Ndinaimirira mpando mpaka kugwa. Zoonadi! Kombe safesedwa ndi munthu, kapena mbalame, kapena nyani. Amafesedwa ndi mphepo.

M'mawa kutacha ndinam'peza Makwinja akunola nkhwangwa pakhomo pake.

"Aise, tandiyankha bwinobwino. Munthu satulutsa kanthu kumanda, ndamva. Nanga chinthu chikatuluka chokha?"

"Chokha bwanji? Ukufuna kundiopseza?"

"Mbewu. Ikauluka yokha, n'kudumpha mpanda wa nkhadze uja, n'kukagwera pamsewu wa boma, ndi ya ndani?"

Anasiya kunola. Anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba, kenako kukamwa kunayamba kumwetulira kokha. "Ine ndimalondera manja a anthu. Mphepo siili m'gulu langa, sindinaipatsepo khasu."

"Ndiye undidikire mpaka zing'ambike."

"Zimenezo ayi. Anthu ndawaitana kale, ndipo taona mitambo ikusonkhana kuseri kwa phiriko. Loweruka ndi Loweruka. Ukambirane ndi chingwe chakocho chifulumire."

Apa ndiye panali mayeso, ana inu, chifukwa ine chibadwire sindinakhalepo pamalo amodzi kudikira chinthu. Basi ikachedwa ndimayamba wapansi. Koma ndinapita kukakhala pamwala kunja kwa mpanda wa nkhadze, m'mphepete mwa msewu, maso ali kunsonga kwa muwanga. Dzuwa linkatuluka ndili pomwepo, linkapendeka ndili pomwepo. Anyamata a kabaza amene amaima pamphambano paja anayamba kundizolowera.

"Madala, mwalembedwa ulonda wa akufa? Amalipira bwino?"

"Mwina akudikira wina atuluke, anagwirizana!"

Amayi ogulitsa tomato ankanong'onezana kuti mchimwene wa a Esnati ku Joni kuja anamusokoneza mutu. Ine osalabada. Pakati pa sabata dalaivala wa lole amene anandilonjeza ulendo wa ku Tete anaimba kuti akunyamuka, ndibwere msanga. Miyendo inayabwa, sindinama, inayabwa mpaka m'mawondo. Koma ndinayang'ana nyanga zija ndipo ndinaona kamzere kowonda katayamba kuoneka m'mimba mwa imodzi, ndiye ndinamuuza kuti pita bwino, moni ku Tete.

Lachisanu linafika, nyanga zili chitsekere. Kunatentha tsiku limenelo koti phula likanakhalapo likanasungunuka, nyenje zikulira, kamphepo ndi pang'ono pomwe kulibe. Masana achemwali anabwera ndi thobwa m'botolo, akuti ndingafere pamwala anthu n'kungondikankhira m'katimo poti ndi pafupi. Makwinja naye anali m'kati mwa manda ndi nkhwangwa yake, akuyang'ana kumene mtengo udzagwere mawa.

Ndikuti ndiike botolo pakamwa, ndinamva kuti thwa! Ngati munthu wathyola kankhuni kouma.

"Achemwali! Yang'ambika!"

Nyanga imodzi inali itatseguka kuyambira kuphata mpaka kunsonga, ndipo m'kati munkatuluka zoyera, pang'onopang'ono, imodzi kukankha inzake, iliyonse ikutambasula nthenga zake padzuwa ngati ambulera. Koma mphepo kunalibe. Zinkangotsika, kutsika mwaulemu, n'kukatera pa ziliza, m'kati mwa manda, kutali ndi mpanda. Ndinkazipenya zikugwa, manja ali m'mutu, ndipo mpanda wa nkhadze wofika m'chiuno chokha unali ngati khoma la ndende.

"Uzira!" anakuwa Makwinja akuseka. "Uzira mokokera kwanuko, mwina zimva!"

Ndiye achemwali anandigwira mkono. "Taona uko."

Kumtunda, cha kubwalo la mpira, fumbi linali litaimirira. Kamvuluvulu! Ankabwera akuzungulira, atanyamula mapepala ndi majumbo, akupita uku, kubwerera uku, ngati woledzera. Tili ana tinkamuthawa, koma tsiku limenelo ndinamuitana ngati mbale wanga. Anatsika ndi msewu, anakhota, ndipo analowa kumanda osapempha chilolezo kwa munthu.

Pamenepo Makwinja, mkulu wa adzukulu, munthu wosunga mwambo, anatembenuza nkhwangwa n'kuyamba kumenya tsinde la muwanga ndi kumsana kwake. Gu! Gu! Gu!

"Ukutani?" ndinakuwa.

"Ndikuyesa ngati wafumbwadi! Ndi ntchito yanga imeneyi!"

Mtengo unanjenjemera, nyanga zina zinang'ambika, ndipo kumwamba konse kunayera. Kamvuluvulu anazitenga, za m'mwamba ndi zapansi zomwe, anazikweza kupitirira muwanga, n'kuzidutsitsa pamwamba pa nkhadze, pamwamba pa mitu yathu, kuloza kumphambano.

Ndinathamanga! Munthu wa imvi zanga, nsapato imodzi inatsala pamwala. Kumbuyo ndinkamva Makwinja ali kukuwa ali m'kati mwa mpanda, "Kumanzere, amwene! Cha kuchigayo uko! Iyo, iyo, yakudutsa pamphuno!" Ndikawakha, mphepo ya dzanja langa lomwe inkaikankha n'kuthawa. Ndikadumpha, iyo ikwera. A kabaza anayamba ndi kuseka, koma nthenga zitafika pamene anali, nawonso anatsika panjinga n'kuyamba kuwakha ndi zipewa, osadziwa n'komwe kuti akuwakha chiyani.

"Madala, n'chiyani chimenechi? N'chogulitsa?"

"Gwira kaye, ufunsa bwino! Koma pakamwa ayi!"

Ndipo nditacheuka ndinaona chimene sindidzaiwala. Achemwali anga, mayi wa mvano, amene anati zakumanda pakhomo pawo ayi, anali atamasula chitenje chapamwamba, atachitambasula ndi manja awiri ngati ukonde, akuthamanga pakati pa msewu, duku litapendekeka, akuseka ngati kamtsikana. Amayi a tomato anaimirira n'kuyamba kululutira.

Kamvuluvulu anakafera kuseri kwa chigayo, fumbi linakhazikika, ndipo tinasonkhana pamthunzi tonse tili wefuwefu. Zambiri zinapita, zina padenga, zina m'ngalande, zina kaya kuti. Koma m'chitenje cha achemwali munali zingapo, m'zipewa za a kabaza zingapo, zonse pamodzi zosadzaza ndi chikhatho chomwe. Ndinazigwira mosamala, timbewu tatitali, tobiriwira motuwa, taubweya wosalala. Ndinawauza onse amene anazikhudza kuti akasambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, ndipo anapita pampopi ali pamzere ngati ana a sukulu.

Ndinawafunsa achemwali mwakachetechete, "Tsono ndikazisunge kuti, poti pakhomo panu ayi?"

Anamanga mfundo pakona ya chitenje n'kundiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Izi ndazitola pamsewu ine. Tiye kunyumba."

Loweruka muwanga unagwa. Sindinapite kukaonerera, ndinangomva kugunda kwake ndili kuno, ndipo kombe wa agogo anatsala komweko, kuwolera pamodzi ndi mtengo umene anaukumbatira moyo wake wonse.

Mbewu zija ndinazifesa m'mapaketi a mkaka, pamwamba pa denga la bafa kuti ana ndi nkhuku asafikire. Mvula itagwa zina zinawola, koma zina zinamera, timasamba tiwiritiwiri, taubweya kale tili tating'ono. Ndinavina pabwalo pano, afunseni achemwali. Koma chimwemwe chisanathe ndinagundana ndi vuto limene sindinaliganizire. Kombe ndinali naye, nanga akwera chiyani? Ndinazungulira Chilomoni yense ngati wofuna nyumba ya lendi. Mango ali m'makomo momwe mumasewera ana, sindingaike ulembe pamenepo. Bulugamu ndi woterera, ndipo mwini wake amangodikira anenepe pang'ono kuti adule. Kuphiri ndinapeza zitsa zokhazokha. Munthu amene ndinakulira pansi pa denga la mitengo, ndinasowa mtengo umodzi woti ndibwereke.

Potsiriza ndinapeza chitsa cha muwanga kumapeto kwa kamunda ka achemwali, m'tsinde mwa phiri, kutali ndi nyumba, chitayamba kuphukira. Ndinachisadzira, n'kusiya mphukira imodzi yowongoka, ndipo pambali pake ndinaika kombe. Tsono muwanga ndi mtengo wosafulumira, pamene kombe ndi wothamanga ngati ine. Panopa wafika kale kunsonga kwa kamtengoko n'kupitirira, ndipo mutu wake uli m'malere, ukupukusa uku ndi uku, kufunafuna chogwira. Ndimapita kukamuona, ndipo ndikaima pafupi amakhala ngati akufuna kundikwera ine. Maluwa sanayambe, ndipo sindichoka ndisanawaone.

Ndiye ndikupempheni kanthu kamodzi, inu amene miyendo idakali yolimba. Sindikuti mudzale kombe, ameneyo ndi woopsa, musiyireni ine ndi anthu omudziwa. Ndikuti mvula ikubwerayi, aliyense apeze kambande ka mtengo wachilengedwe, muwanga, mbawa, msuku, uliwonse umene mungaupeze, mubwere nako kumunda kuja, ndikakuonetsani pokumba. Mukadzala musamayembekeze mthunzi wake msanga, ndipo mbuzi muziziingitsa. Kombe mphepo inamutulutsa kumanda, mbali imeneyo inatha. Koma mtengo woti akwere mphepo singamubweretsere, ndipo iye ali apo, dzanja lili m'mwamba. Musamudikiritse.